Thabwa Limatsata Msoko: Kuwerenga Patenti ya Sarah Boone

Pa 26 April 1892, ofesi ya boma la America yoona za mapatenti inapereka chikalata nambala 473,653 kwa Sarah Boone, mayi wosoka madiresi wa mumzinda wa New Haven, ku Connecticut. Patenti ndi chikalata chimene boma limavomereza nacho kuti luso lakutilakuti mwini wake ndi uje, ndipo masiku amenewo chitetezo chake chinkatha pakapita zaka 17. Luso la Mayi Boone linali thabwa lositirapo zovala. Chikalatacho n'chachifupi, zojambula pang'ono ndi mawu ochepa, komabe amene amachitchula ndi ambiri kuposa amene anachiwerengapo. Kawirikawiri chimangotchulidwa ngati umboni woti mayi wachikuda ameneyu ndiye anayambitsa thabwa lositirapo, pamene mapatenti a matebulo ositirapo analipo kale iwo asanalembetse lawo. Kuwatamanda motero n'kuwalanda chimene anachitadi. Chimene anachita n'chaching'ono kuposa pamenepo, koma muli nzeru zambiri.

Ndikufuna kuwerenga chikalatachi ndili ndi funso la anthu amene sichinalembedwere iwo: osoka quilt. Quilt ndi chofunda cha magawo atatu. Pamwamba pali nsalu yolumikiza zidutswazidutswa, pakati pali thonje kapena ubweya woyala mopyapyala, pansi pali nsalu yamphumphu, ndipo zitatuzi amazisokera pamodzi. Luso limeneli linazika mizu kwambiri ku America, kumene lero lili ndi masitolo ake, magazini ake ndi mipikisano yake. Osoka quilt amasita pafupipafupi kuposa telala wamba. Msoko uliwonse ukangochoka pa makina umayamba waonana ndi simbi usanakumane ndi unzake. Ndiye pakati pawo pali mkangano wosatha: kodi munthu agule chositirapo cha m'sitolo, kapena akhome chake kunyumba? Nkhawa ya Mayi Boone inali madiresi, osati zofunda, koma njira imene anaganizira nkhani ya thabwa ndi imene mkanganowu umaisowa.

Phata la chikalatachi lili m'chiganizo chimodzi chakumayambiriro, pamene akufotokoza cholinga. Akuti akufuna kupanga chipangizo chotsika mtengo, chosavuta kapangidwe kake, chosasautsa pochigwiritsa ntchito, chogwira ntchito bwino kwambiri, ndiponso choyenerera makamaka kusitirapo mikono ya zovala za amayi ndi chigawo chija cha pathupi, kuchokera paphewa kufika m'chiuno. Malonjezo alipo anayi, kenako pakubwera malire.

Malonjezo anayiwo tisawalemekeze mopitirira. Mawu otere anali ofala m'mapatenti a nthawi imeneyo, ndipo maloya olemba zikalatazi ankawathira pa chilichonse, kaya ndi msampha wa makoswe kaya loko wa chitseko. Koma dongosolo lake lili ndi kanthu kotiuza. Kutsika mtengo kuli patsogolo, ubwino wa ntchito uli kumapeto. Wamalonda amayamba ndi mtengo akadziwa kuti mnzake wopikisana naye ndi wotchipa, ndipo wopikisana ndi Mayi Boone sankagulidwa n'komwe. M'nyumba zambiri anthu ankasitira pa tebulo la kukhitchini atayalapo bulangete, kapena pa thabwa loika pa mipando iwiri. Choncho mkangano wa chogula ndi chopanga kunyumba uli kale m'lonjezo loyambalo, zaka zoposa 130 zapitazo. Aliyense wofuna kugulitsa chositirapo amayenera kuyamba wayankha mayi amene akuti: ndigulirenji, tebulo ndili nalo?

Yankho la Mayi Boone lili m'malire aja. Sakunena kuti thabwa lawo n'lositirapo chilichonse. Akuti n'la mikono ya madiresi. Apa m'pamene mawu a loya akuthera, n'kuyamba kumveka munthu amene wakalambira pa nsalu. Mayiwa anabadwira mu ukapolo ku North Carolina cha m'ma 1832, anakwatiwa ndi James Boone mu 1847, kenako banjalo linasamukira ku New Haven nkhondo yapachiweniweni ya ku America isanayambe. Pamene ankalandira patentiyi anali ndi zaka pafupifupi 60. New Haven unali mzinda wa mafakitale a makoseti, zovala zam'kati zothina zimene zinkafinya chiuno cha mayi, ndipo diresi lovala pamwamba pa koseti linkayenera kugwira thupi popanda makwinya. Mkono wa diresi lotero sunali woongoka. Kawirikawiri unkasokedwa kuchokera ku zidutswa ziwiri zokhota motsata chigongono, ndiye unkakhala ndi misoko iwiri, wakunja ndi wam'kati. Ukauyala pa tebulo n'kuusita, simbi imapsinja nsalu ziwiri nthawi imodzi, imasiya mzere pamene sipafunika mzere, ndipo msoko wokhota uja umakana kugona.

Ndiye taonani mmene akufotokozera thabwalo. Chimene chikulamula si mtundu wa mtengo kapena kukongola kwake. Akuti m'mphepete mwake ndi mokhota, mbali imodzi motsata msoko wakunja wa mkono, mbali inayo motsata msoko wam'kati. N'lowonda kuti mkono wa diresi uvekedwe pa thabwapo, ndipo limatembenuzika kuti usite mbali zonse popanda kukwinya imene wasita kale. Muyeso wa thabwa ukuchokera ku msoko. Thabwalo lilibe maonekedwe akeake, linabwereka a ntchito imene lidzagwire. Kenako akuwonjezera mfundo imene ambiri amaidumpha: thabwa lomwelo lingapangidwe losakhota, kuti ligwirizane ndi mikono ya majekete a abambo. Wina angati uku n'kungokulitsa msika, ndipo mwina sakunama. Koma kwa ine mfundo imeneyi ndi imene ikuulula maganizo onse. Kukhota kuja, kumene kukuoneka ngati ndiko luso lenilenilo, Mayi Boone ndi okonzeka kukusiya msoko ukasintha.

Tikumbukirenso simbi imene anali nayo m'manja. Simbi yamagetsi inali italembetsedwa kale ndi Henry Seely mu 1882, koma nyumba zambiri zinalibe magetsi. Anthu ankasita ndi chitsulo cholemera chotenthetsa pa chitofu, monga chija cha chigwiriro chochotseka chimene Mary Potts analembetsa mu 1871. Pa simbi yotere kulemera kunkagwira ntchito yaikulu, ndipo kulemera kumafuna chinthu cholimba pansi choti kukankhirepo. Simbi za lero n'zopepuka, zimadalira nthunzi, ndipo mwina n'chifukwa chake otsatsa malonda a lero amalankhula kwambiri za kutentha n'kuiwala za kulimba.

Tsopano tifunse funso la Mayi Boone pa quilt: msoko wake ndi wotani? Nthawi zambiri ndi woongoka, waufupi, ndipo misokoyo imakhala yambirimbiri. Osoka amasiya mpata wa kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, pakati pa ulusi ndi m'mphepete mwa nsalu, pamene mapatani a zovala amasiya woposa kawiri pamenepo. Zidutswa zimalumikizidwa kukhala mabuloko, ambiri a mainchesi 12 mbali zonse, ndipo mabulokowo amalumikizidwa kukhala mizere. Msoko uliwonse amaugoneka mbali imodzi, makamaka ku nsalu yoderapo kuti usaonekere kutsogolo, kapena amautsegula pakati. Pamene misoko iwiri ikukumana, wina amaugoneka kumanja wina kumanzere kuti ilowerane, ngodya zikumane ndendende.

Apa cholakwa chaching'ono chimaswana. Tiyerekeze kuti pa msoko uliwonse simbi yasiya kapindiko kobisa milimita imodzi ndi theka ya nsalu. Diso silikaona. Koma mzere wa misoko 20 wafupika ndi masentimita 3, ndipo mzere woyandikana nawo, umene uli ndi misoko yochepa, sunafupike chimodzimodzi. Podzalumikiza m'pamene munthu amayamba kukoka uku, kufinya uko, mpaka chofunda chimatuluka chotukumuka pakati, chokana kuyalika pabedi. Palinso vuto la zidutswa za ngodya zitatu. Nsalu yodulidwa mopendekera, osatsata ulusi, imatamuka. Ukakhwekhwereza simbi pamwamba pake monga timachitira posita shati, imatalika ndipo siibwereranso. N'chifukwa chake osoka quilt sayendetsa simbi. Amaiika, n'kupsinja, n'kuinyamula, n'kuiikanso pena. Msoko wotere ukufuna malo athyathyathya, olimba moti simbi ikapsinja nsalu isamire, otakata, a ngodya zinayi, osaterera. Kukhota kulibe ntchito pano.

Thabwa lositirapo la m'sitolo, lija la miyendo yopingasana ndi mphuno yosongoka, si la Mayi Boone, koma linaganiziridwa mwa njira yomweyo: linatsata chovala. Mphuno ija ndi ya phewa la shati ndi chiuno cha siketi. Kuwonda kwake, pafupifupi masentimita 38, n'kwakuti chovala chizungulire thabwa. Pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala chitsulo cha mabowomabowo kuti nthunzi idutse, kenako siponji yofewa kuti mabatani ndi zipi zimire. Pa shati zonsezi n'zanzeru. Pa quilt chilichonse chimasanduka chopinga. Nsalu ya thonje imene osoka quilt amagula imakhala ya masentimita pafupifupi 110 m'lifupi. Ngakhale utaipinda pakati siikwana pa thabwalo, ndipo gawo lolendewera limakoka limene ukusita. Siponji imalola buloko kumira, ndiye msoko sugona bwino. Siponjiyo ikaperepeseka, mabowo a chitsulo amadindika pa nsalu. Ukapsinja mwamphamvu miyendo imagwedera. Thabwali silinalakwe kanthu, likungoyankha msoko wina.

Masitolo a osoka quilt anauona mpata umenewu, ndipo zaka zaposachedwapa chimene chatchuka ndi kamphasa ka ubweya wa nkhosa wotsendera, kochindikala pafupifupi theka la inchi. Mawu amene amalembedwa pa mapaketi a timphasa timeneti ndi bwino kuwaika pambali pa chiganizo cha Mayi Boone, chifukwa nawonso ndi malonjezo. Choyamba kuonekera n'chakuti dongosolo latembenuka. Ubwino wa ntchito uli patsogolo, m'zilembo zikuluzikulu, ndipo za kutchipa sizimveka, popeza ubweya weniweni ndi wodula ndipo mtengo umakwera mphasayo ikamakula. Chachiwiri, malire aja simuwapeza kutsogolo kwa paketi. Ali kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo kumeneko amatchedwa machenjezo.

Lonjezo lalikulu ndi lakuti ubweya umasunga kutentha, ndiye nsalu imasitika mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Si bodza lenileni. Ubweya sulola kutentha kudutsa msanga, choncho kumatsalira chapamwamba, pamene pagona nsalu. Umamwanso chinyezi chochuluka, mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndipo ukamamwa chinyezicho umatulutsa kutentha pang'ono. Koma kulankhula ngati pansi pali simbi yachiwiri n'kukokomeza. Ubweya ukungobweza zimene walandira, ndipo ukubweza zochepa. Ubwino umene ine ndimauona kukhala weniweni salemba mokweza. Tiubweya ta pamwamba timagwira nsalu kuti isaterereke, ndiye kachidutswa ka ngodya zitatu kaja kamakhala pamene wakaika. Ungathenso kubaya mapini m'mphasamo n'kuwongola buloko lopotoka kuti lifike pa muyeso wake. Imeneyi ndiyo mbali imene ikuyankhadi msoko wa quilt, koma poti siidabwitsa wogula, amaiika pansipansi.

Pali chinanso chimene lonjezo la kutentha limabisa. Thonje siligona chifukwa cha kutentha kokha. Kutentha ndi chinyezi zimafewetsa ulusi, koma msoko umakhazikika pamene nsalu ikuuma ndi kuzizira ili chipsinjire. Atelala a masuti anadziwa zimenezi kalekale, n'chifukwa chake amakhala ndi chipika cha mtengo wolimba, chosapaka vanishi, chimene amaika pa msoko simbi ikangochoka kuti chimwe nthunzi. Lero sitolo imene ikugulitsa mphasa yosunga kutentha imagulitsanso chipika chimenechi, chochotsa kutentha. Zonse ziwiri zimathandiza, sindikutsutsa. Koma wogula adziwe kuti gawo lalikulu la ntchito imene akuyamikira ubweya likugwiridwa ndi mtengo wamba.

Tsopano tembenuzani paketi. Machenjezo amakhala ofananafanana. Nthunzi imadutsa m'mphasamo, choncho musaiike pa tebulo lopaka vanishi, lingatuwe kapena kufufuma. Musaiike pa mphasa yodulirapo, ija ya pulasitiki imene imayenda ndi mpeni wa gudumu umene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979, chifukwa kutentha kumaipotoza. Ikanyowa imanunkha nkhosa. Simbi ikatentha kwambiri imaiwaula. Sitachi amasiya mawanga. Musaichape m'makina.

Chenjezo la kuwauka lija ndi lofunika kuimapo pang'ono. Pa kansalu kolangiza kasamalidwe ka chovala pamakhala chithunzi cha simbi chokhala ndi madontho: dontho limodzi ndi madigiri pafupifupi 110, awiri ndi 150, atatu ndi 200. Ubweya ndi wa madontho awiri. Thonje ndi la madontho atatu. Ndiye kamphasa aka n'kopangidwa ndi ulusi umene malangizo ake amakana kutentha kumene ntchito yake imafuna tsiku ndi tsiku. Sikangabuke moto, ubweya suyaka msanga, koma paliponse pamene simbi imakhudza popanda nsalu pakati pamafiirira pang'onopang'ono.

Komabe chenjezo lolemera kwambiri ndi loyamba lija. Ngati mphasa siingaikidwe pa tebulo labwino, iikidwe pa chiyani? Pa chinthu cholimba, chathyathyathya, chosaopa kutentha ndi chinyezi, chimene simungadandaule chikathimbirira. Chinthu chimenecho ndi thabwa. Paketi ya chinthu chogula, pomafika kumapeto, imakhala ikukutumani kukafuna chinthu chopanga kunyumba. Ndiye pali za kukula. Timphasa tofala ndi ta mainchesi 17 kwa 24 kapena tocheperapo, tokwana buloko limodzi kapena awiri. Nsalu yamphumphu ya pansi pa chofunda, kapena gawo la pamwamba likatha kulumikizidwa, sizingasitidwe pamenepo popanda kulimbana nazo. Mwini kamphasa amafunabe malo ena otakata.

Malangizo a thabwa lopanga kunyumba, amene osoka amapatsirana, nawonso ndi oyenera kuwawerenga mosamala, ndipo nawonso ali ndi kabodza kawo. Amati tengani plywood wochindikala theka la inchi kapena kupitirira, yalani thonje lopyapyala lija la m'kati mwa quilt, kutirani ndi nsalu yolimba ya thonje monga kanivasi, kokani, khomani kumbuyo. Pa malonjezo anayi a Mayi Boone, awiri oyambirira akwaniritsidwa pomwepo. Kabodzako kali poti amalankhula ngati zonsezi muli nazo kale pakhomo. Sowo, chokhomera mastepulo, chidutswa cha plywood chosapindika ndi malo osungira chinthu cholemera chonchi si za aliyense. Mayi wokhala m'kanyumba kopanikiza ku Chicago kapena ku London, amene amasokera pa tebulo lodyera n'kuchotsapo zonse nthawi ya chakudya ikakwana, kamphasa kopepuka kangamuthandize kuposa thabwa la mita ndi theka, ngakhale adzafunabe kena koika pansi pake. Pa lonjezo lachitatu lija, la kusasautsa, sitolo yapambana poyera.

Chimene malangizowo sanena mokwanira ndi kuchuluka kwa thonje. Mtima wa munthu umati kuwonjezera n'kukonza, ndiye amayala magawo anayi kapena asanu. Akatero wabwezeretsa vuto lomwe anathawa pa siponji ya m'sitolo. Gawo limodzi kapena awiri n'zokwanira. Ukapsinja ndi chala uzimva kuti mtengo uli pafupi. Thonjelo likhale lenileni, chifukwa la poliyesitala limafota ndi kutentha mpaka kuphwatalala n'kuuma. Nsalu yokutira ikhale yoyera kapena yosanyika utoto, kuopa kuti nthunzi ingasamutsire mtundu pa ntchito. Ena amakonda nsalu ya mizeremizere kuti iziwathandiza kuwongola buloko, koma pokoka ndi pokhoma mizereyo imakhota pang'ono, ndipo munthu amayamba kuwongolera ntchito yake pa mzere wopotoka iye osadziwa.

Kukhoma kwake kuli ndi dongosolo. Ngodya za plywood uzipale ndi sandipepa kuti zisaboole nsalu. Uyambe pakati pa mbali imodzi, upite pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, ukoke, ukhome, kenako mbali ziwiri zotsalazo, n'kumasendera kungodya pang'onopang'ono. Akatswiri ena amagwiritsa ntchito kanivasi wosachapa, ndipo akamaliza kukhoma amamuwaza madzi n'kumusiya aume. Pouma amafupika, n'kukungika ngati chikopa cha ng'oma. Pamalo otero buloko limagona bwinobwino, ndipo simbi ikatera dzanja limamva kuti yafika pa chinthu.

Mtengo nawo uli ndi machenjezo ake, kungoti palibe paketi yowalembapo. Nthunzi yambiri imaupotoza pakapita nthawi, makamaka ukakhala wopyapyala. Paini akatenthedwa amatha kutulutsa utomoni n'kudetsa nsalu. N'chifukwa chake ena amayamba ayala pepala la aluminiyamu pa mtengo asanaike thonje, ena amaboola timabowo kuti chinyezi chizituluka.

Kuno kwathu telala wa pakhonde sakhala ndi mkangano umenewu, chifukwa yankho analipeza kale: tebulo, bulangete lopinda, nsalu yakale pamwamba, simbi ya makala. Amene amalumikiza zotsalira za zitenje kukhala zikwama ndi zoyala pabedi amasitira pomwepo. M'kapangidwe kake chimenechi n'chimodzimodzi ndi thabwa la osoka quilt a ku America, mtengo pansi, chofewa pang'ono pakati, nsalu pamwamba, ndipo bulangete likakhala la ubweya weniweni ndiye kuti ali ndi zonse ziwiri, kamphasa ndi thabwa. Chasintha n'chakuti mabulangete ambiri otchipa masiku ano ndi a ulusi wa pulasitiki. Khala likagwera pa ubweya, ubweyawo umangopserera pamenepo n'kuzima. Pulasitiki amasungunuka n'kumatirira. Komanso bulangete lopinda kangapo n'lofewa kwambiri pa misoko ing'onoing'ono. Kulipinda kamodzi n'kulikunga kungachite bwino.

Tisanamizane kuti quilt iliyonse imafuna kulondola kwa milimita. Amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu achikuda m'mphepete mwa mtsinje wa Alabama, ankasoka zofunda kuchokera ku mathalauza akuntchito otha ndi matumba akale, ndipo mizere yake yambiri imapendekera, ngodya zake sizikumana. Mu 2002 zofundazo zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo odziwa zaluso anazitamanda kwambiri. Kukongola kwake sikudalira thabwa lokungika. Nkhawa yonse ya chositirapo changwiro ndi ya mtundu umodzi wa quilt, uja wa mipikisano ndi mapatani osindikiza, wa nyenyezi zimene nsonga za zidutswa zake zisanu ndi zitatu ziyenera kukumana pa dontho limodzi.

Kwa wosoka mtundu umenewo, ine ndimaika thabwa lokhoma patsogolo, kamphasa pambuyo, ngati chowonjezera choyala pa thabwapo ndalama zikalola. Chifukwa changa si mtengo wokha. Chinthu cha m'sitolo chimapangidwira anthu zikwizikwi, ndiye sichingayerekeze kunena poyera zimene Mayi Boone ananena, kuti ndine wa ntchito yakutiyakuti basi. Wokhoma yekha ndiye angatero. Amene amasita nsalu zazitali adula masentimita 60 kwa 120 kapena kupitirira, kuti nsalu yopinda pakati igone yonse. Amene amalumikiza tizidutswa tambirimbiri adula kathabwa koika pambali pa makina, kuti asamadzuke pa msoko uliwonse. Wamtali aika pa kabati, wovutika msana aika pa tebulo lotsika n'kumasita atakhala.

Yatsala ndi nkhani ya litsiro. Osoka ambiri amawaza sitachi kuti nsalu ilimbe isanadulidwe, ndipo ena amamata zidutswa ndi guluu wosungunuka ndi simbi. Zonsezi zimatsalira pa chositirapo, n'kumapserera tsiku ndi tsiku mpaka pamakhala pofiirira, pomata, poti nsalu yoyera ikagonapo imadzuka ndi banga. Kamphasa kakafika pamenepo mumakatembenuza, ndipo mbali inayo ikadanso mwatsala ndi kukapala kapena kugula kena. Pa thabwa mumazula mastepulo, n'kutaya nsalu yothimbirirayo, n'kukunga ina. Ena sazula n'komwe. Amasoka nsalu ziwiri zovekera thabwa lonse, kuti ina ikakhala pa chingwe ina ili pa ntchito.